Tsiku Limene Kompyuta Inandiwerenga Zala

Mpaka lero ndikalowa mu ofesi iliyonse, manja ndimawabisa m'thumba. Chifukwa chake nachi.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2 (musandifunse chifukwa, nkhaniyo imandinyansa). Dziko litangolandira ufulu aliyense ankaimba kuti ntchito zatseguka, koma ine ndinkangokhala ku komboni ya Rugare kwa amalume, kudya ndi kudandaula. Kenaka fakitale ina ku Lochinvar, kumene amalumewo anakalambira akugwira ntchito, inafuna owotcherera zitsulo, koma okhawo amene anachita maphunziro ake.

Ine sindinachite. Koma dzina langa ndi la amalume lenileni, anandipatsa okha nditabadwa, ndipo khadi lawo la maphunziro linalibe chithunzi. Ndinalisolola m'sutikesi iwo ali ku tchalitchi.

Mu ofesi ndinapeza Mayi Banda, a ku Chipata, ali pa kompyuta, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Makadi onse akale a antchito anawalowetsamo okha, limodzilimodzi. Zala zawo zinkathamanga maso ali kwina. Ine amene sindigoma ndi munthu, pamenepo ndinagoma.

Analemba nambala ya pakhadi, zilembo zobiriwira n'kutuluka.

"Bambo, mwasungika bwinotu," anatero. "Maphunzirowa munamaliza kalekale."

"Ndinayamba ndili wamng'ono, mayi."

"Eya. Taikani manja patebulopa."

Ndinaika (uchitsiru wake, ndinachita kuwatambasula).

"Khumi," anatero atawerenga. "Pano palembedwa kuti chala chimodzi chakumanzere chinadulidwa ndi makina. Chinaphukanso liti?"

Azibambo a pamzere kumbuyo kwanga anaseka mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Ndinadziwa kuti ntchito yapita, kwatsala apolisi.

Koma Mayi Banda anangomukupiza dzanja mlondayo kuti abwerere. Anandifunsa chaka chobadwa chenicheni, n'kundilemba pagulu la ofuna kuphunzira.

"Maphunziro ayamba Lolemba. Khadili mukabweze kwa eni ake musanadye chilichonse."

Ndinakabweza. Amalume anamvetsera nkhani yonse akukanda chibwano ndi zala zawo zinayi zija.

"Ukanandiuza, mphwanga," anatero, "ndikanakubwereka ndi mpeni womwe."

Lolemba ndinapita. Mayeso oyamba ndinalephera, ndipo kompyuta ija inalemba zimenezonso, osachotsera, osawonjezera. Ndinkafuna kunena kuti analephera ndi amalume, koma Mayi Banda anali atalembamo kale kuti uyu ndi wa zala khumi.