Tsiku Limene NaBanda Analankhula pa Misa

Mpaka lero ndikamalowa m'kapela, amuna ena amadzigwira pamutu n'kumwetulira. Sindiwakwiyira. Ndinaziputa ndekha.

Chimwalirireni mkazi wanga NaBanda, nyumba inandikulira. Mwana wathu Lusiya, amene amagwira ntchito ya makomputadolo ku Tete, ataona kuti ndayamba kucheza ndi nkhuku, anandisiyira komputadolo yake yakale n'kundiphunzitsa kachilankhulo kotchedwa QML. Ndinakakonda chifukwa n'kosalongolola. Umangolemba kuti apa pakhale batani, apa pakhale mawu, ndipo zimakhaladi. (Mbuzi zanga sizinandimverepo chotere.)

Zimene wapanga umazisunga m'magulu. Lusiya amati mamodulu, ine ndimati nkhokwe. Ukafuna kanthu ka m'nkhokwe ina, pamwamba pa tsamba umalemba import, kenako dzina la nkhokweyo. Nkhokwe yanga yoyamba ndinaitcha Kwathu. Munali zilembo zikuluzikulu zothandiza maso anga okalambawa, ndi batani limodzi limene ndinalitcha Belu. Ukalidina linkatulutsa mawu a NaBanda, amene ananditumizira pa telefoni tsiku lina ndili pa shapa, minibasi yopita ku Furancungo. Ndinkalidina m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda wa fodya. Palibe ankadziwa, ngakhale Lusiya. Pajatu ine ndi amene amandiimiritsa pamaliro kuti ndilimbitse mtima ofedwa, ndipo ndinkawauza kuti wopita timuleke apumule.

Ndiye kabelu ka m'kapela yathu, kufupi ndi Chidzolomondo, kanaduka lilime, apadiri atatsala pang'ono kubwera. Kwathu kuno apadiri safika kawirikawiri, moti Misa ndi chinthu chachikulu. Ndinauza akatekista kuti asavutike, belu ndiliza ndi komputadolo kudzera pa koluna, chokuzira mawu cha akwaya. Anavomera mokayika. Ine mumtima ndinakondwa, poti kanali koyamba chichokereni NaBanda kuti ndikhale ndi ntchito pakati pa anthu yosakhala ya maliro.

Ndinamanga nkhokwe yachiwiri, Kapela, n'kuikamo batani la kulira kwa belu lenileni. Dzina lake? Belu, nanga likanakhala chiyani. Patsamba la tsiku la Misa ndinaitana nkhokwe zonse ziwiri, Kapela pamwamba, Kwathu pansi, poti ndinkafuna zilembo zikuluzikulu zija.

Lusiya anali atandichenjeza kale pa telefoni. Anati nkhokwe iliyonse ndikamaiitana ndiziipatsa mfunda wake, ndizilemba import Kapela as K, ndipo pofuna belu ndiziti K.Belu.

“Ababa, mukaima pamsika n'kuitana kuti aPhiri, atembenuke angati?”

Ndinamuyankha kuti ndamva. Koma ine ndimalemba ndi chala chimodzi, ndipo ndinaganiza kuti munthu wa nkhokwe ziwiri zokha sangasokoneze chimanga ndi nyemba. Chimene sindinadziwe n'chakuti mayina akafanana, makinawo safunsa. Amatenga la m'nkhokwe imene waitchula pomaliza. Kuyesa ndinayesa, koma koluna inali kwa akwaya, mawu ndinali nditatseka. Batani linaoneka bwinobwino, ine n'kuyamika Mulungu.

Tsikulo kapela inadzaza, ena mpaka ochokera mbali ya ku Tsangano. Ndinakhala pambali pa guwa nditavala jekete la ukwati wanga. Itafika nthawi yokweza Ukaristia, tonse tinagwada, ngakhale makanda anakhala chete. Akatekista anandiyang'ana. Ndinadina.

“APhiri, mwaiwalanso chipewa. Dazi limenelo lipsa ndi dzuwa.”

Abale anga, m'kapela mwathu theka la amuna ndi a Phiri, ndipo ambiri tsitsi linawatsanzika kalekale. Ndinaona manja akukwera pamitu, anthu ali chigwadire. Ndinaganiza kuti chala chaphonya, ndinadinanso. NaBanda anayambiranso. (Ali moyo sankabwereza mawu, koma tsiku limenelo anabwereza.) Ndinafunafuna chingwe choti ndizule, koma koluna ya akwaya ndi yopanda chingwe. Ndinatseka chivundikiro cha komputadolo, iye anapitiriza ndithu mpaka kumapeto:

“Ndipo pobwera mubwere ndi mchere, osati nkhani.”

Kenako kuseka kwake kuja, kwapansipansi, kumene ndinkakumva ndekha m'mawa uliwonse, kunadzaza kapela yonse.

Palibe anaseka nthawi yomweyo. Amayi a kwaya, amene anaimba naye zaka zambiri, anaweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Apadiri anadikira pang'ono manja ali m'mwamba, kenako anapitiriza. Pokweza chikho, akatekista anagogoda botolo ndi kiyi wa njinga. Ine ndinakhala chogwada mpaka Misa itatha, osati chifukwa cha kupemphera.

Panja ndinkayembekeza chidzudzulo. Apadiri anangondigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu ngati mcherewo ndinagula. Ndinawauza zoona, kuti ndinaiwala. Akatekista anati belu adzagula lina, ine ndipumule. Anthu ena ankandilambalala mwaulemu, monga timachitira ndi munthu amene tam'peza akusamba. Amene anandilondola ndi NaMbewe yekha, mnzake wa malemu wa kudimba. Anayenda kumbuyo kwanga mpaka pamphambano, pamenepo n'kunena kuti tsiku lina adzabwera ndi mdzukulu wake kudzamvanso, ngati sindikaniza. Sindinakanize. Sanabwerebe.

Lusiya nditamuuza sananene kuti paja ndinakuuzani. Anangopempha kuti ndimutumizire mawuwo.

Pamaliro amandiimiritsabe, koma zoti wopita timuleke ndinasiya kunena, poti aliyense akudziwa amene amandidzutsa. Ndimangowerenga salimo n'kukhala pansi.

Mifunda ndinaika, chala chimodzi chomwecho. Kapela ndi K, monga ananenera mwana. Kwathu ndinalephera kuipatsa chilembo chimodzi, ndinalemba dzina lonse: import Kwathu as NaBanda. Tsopano salankhulanso pokhapokha nditamuitana ndi mfunda wake. Ndi mmene ziyenera kukhalira, ndikudziwa. Koma Lamlungu lililonse belu latsopano likalira, loyera bwino, la mkuwa, ndimapezeka ndatchera khutu, chipewa chili m'manja.