Dzino Langa ndi Mfuti ya a Dotolo

Mukadzakumana nane pamsika wa Milange, chonde musadzandifunse za dzino langa lakutsogololi. Ndikudziwa kuti mudzaliona, aliyense amaliona. Ndi lalikulu kuposa anzake, lotupa mbali imodzi ngati nzama yonyika m'madzi, ndipo mukaliyang'anitsitsa lili ndi chidindo cha chala changa chachikulu. Anthu akhala akuikamba nkhani yake zaka zonsezi, aliyense kuthiramo mchere wake, moti ndatopa nazo. Lero mumve kwa mwini dzino, kenako muweruze nokha ngati wolakwa ndinali ine.

Zinachitika titangobwerako ku Malawi, mtendere ukadali wakhanda. Tinachoka kumsasa wa othawa nkhondo ndi lona, mapoto awiri ndi khasu, n'kudzapeza pabwinja pathu pali tchire lofika m'khosi. Aliyense anali kalikiliki kuumba njerwa. Nanenso ndinadzutsa kanyumba kanga, koma pomanga denga ndinasowa chodulira waya. Ndinati nanga mano Mulungu anandipatsiranji? Waya anapambana. Dzino linabenthuka theka, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikamayankhula ndinkaimba mluzu ndisakufuna.

Mluzuwo sukanandivuta pakanapanda Rozita. Rozita anali mayi wa ana awiri, ankagulitsa mandasi pafupi ndi malire, ndipo mwamuna wake anali atasowa nthawi ya nkhondo. Nditamufunsira sanavomere, sanakanenso. Anangoti, "Mukaonane ndi a malume."

A malume akewo, a Fulugensio, anali m'gulu la anthu amene sanawoloke malire nthawi ya nkhondo, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Ife obwerera ankatitchula kuti "a ufa wachikasu," ponena za ufa wa chithandizo umene tinkalandira kumsasa. Nditafika kwawo ndinakhala pansi mwaulemu, n'kuyamba kufotokoza chomwe ndadzera. Pa mawu achitatu, mluzu uja fyee!

"Kodi iwe ukufunsira mwana wa mlongo wanga kapena ukuitana agalu?" anatero a Fulugensio. "Mwamuna wothawa nkhondo, wakutha mano, angateteze ndani? Ubwere Loweruka ndi ankhoswe ako, ndidzakuyankha pamaso pa anthu."

Ndinadziwa kuti yankholo ndi lotani. Ndikapita Loweruka ndi mluzu wangawo, Rozita ndamutaya.

Ndiye mutha kumvetsa chimwemwe changa a katekisiti atalengeza kuti Lachinayi kubwera dotolo wa mano wochokera ku Quelimane, tsiku limodzi lokha, ndipo ameneyu samangozula, amamatanso mano obenthuka. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga, za kumata ndimazidziwa. Ndinati ngati chubu chimamatika, dzino lingakanike bwanji?

Lachinayi ndinalawirira kusukulu kumene anaikako chipatala chongoyembekezera. Sukuluyo inali isanathe kukonzedwa: pamwamba anafolera malona, mazenera anali mabowo chabe. Panja jenereta inali kulira. Pamzere ndinali wachinayi, ndipo kumbuyo kwanga, anthu khumi kuchokera pa ine, kunali a Fulugensio, tsaya litatupa, atalimanga ndi kansalu. Ngakhale choncho pakamwa sipanatseke ayi. Ankauza anthu kuti iwo dzino akhoza kuzulitsa popanda jakisoni, poti anaona zoopsa zenizeni pamene ena ankadya ufa waulere.

M'kati ndinapeza a dotolo, mayi wamfupi wovala magalasi, woyankhula Chipwitikizi chokhachokha (changa Chipwitikizi chinathera pa kupereka moni ndi kuwerenga mpaka khumi). Wotanthauzira anali namwino wina, mayi Ameliya. Anandigoneka pampando wopendekera, n'kunditsekula pakamwa ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala.

Poyamba zonse zinkayenda monga ndimachitira ndi chubu, ndipo ndinkagwedeza mutu mumtima. Anapala pobenthukapo. Anapakapo mankhwala owawasa, n'kutsuka, n'kuumitsa ndi mpweya. Kenako anatenga kaburashi kakang'ono ngati kamtengo ka machesi, n'kukaviika m'dontho lochokera m'kabotolo kakuda, n'kupaka padzinopo mosamala. Ndinati ehe, guluu ameneyo. Ndinkayembekeza kuti tsopano tidikira kuti aume pang'ono, monga amachitira aliyense wodziwa ntchito.

M'malo mwake mayi Ameliya anati, "Tsekani maso, bambo. Musagwedezeke. Sizitenga nthawi."

Ulendo woyambawo ndinamvera. Ndinangomva kanthu kakulira fuuu pafupi ndi mphuno, kakutenthera pang'ono, kenako kanasiya. Nditatsekula maso, a dotolo anali akuumba kaphala koyera padzino paja, kukasalaza ndi kachitsulo. Ndinayamba kudziona ndili pamaso pa a Fulugensio ndikutchula mawu onse bwinobwino.

"Tsekaninso maso," anatero mayi Ameliya. "Musagwedezeke."

Apa ndi pamene ndivomere kulakwa kwanga, kumodzi kokha: ndinasuzumira. Ndinatsekula diso lamanzere pang'ono chabe.

Abale anga, ndinaona mfuti. Chogwirira chake cha mfuti, mpope wake wakuda woloza m'kamwa mwanga, chala cha a dotolo chili pokhethemulira. Ndipo a dotolowo anali atatembenuzira nkhope kumbali, monga amachitira munthu wosafuna kuona chimene akuchita.

Tsopano ndikufunseni. Munthu amene anagonapo m'tchire la phiri la Tumbine masabata atatu, amene anamvapo mawu omwewo akuti "tseka maso, usagwedezeke" akuuzidwa mnzake wa pamudzi, mungamulozetse chinthu chotero m'kamwa osamuuza kanthu? Kunali kovuta chiyani kundionetsa poyamba n'kunena kuti, "Bambo, iyi ndi nyali"? Mawu anayi okha! Anthu ophunzira, oyenda pagalimoto kuchokera ku Quelimane, anakumbukira kunyamula jenereta koma anaiwala kuti akubwera kwa anthu otani. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira.

Sindikukumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndikukumbuka mbale ya zitsulo ikuuluka, chingwe chikundikola mwendo, china chake chikusweka pansi, ndi ine ndikutulukira pazenera (ubwino wa zenera lopanda felemu ndi umenewo). Ndinatera pakati pa mzere ndikukuwa, "Mfuti! Mfuti! Thawani!"

Ngati kuti Satana anali pantchito, nthawi yomweyo jenereta ija, poti chingwe chinali chitazuka, inatsokomola kuti phuu!

Palibe anafunsa funso. Anthu a nthawi imeneyo sitinkafunsa kuti mfuti ili kuti, tinkafunsa tili kale kutali. Azimayi anabereka ana kumsana chothamanga. Agogo ena amene anabwera atanyamulidwa panjinga anaisiya njingayo n'kudzithamangira okha. Oumba njerwa kuseri kwa sukulu anataya zikombole. Ndipo a Fulugensio, ngwazi yosathawa nkhondo, anandipitirira ngati mphepo, kansalu kakutsaya kakuuluka, mpaka anakagwera m'nkhuti yodzaza matope a njerwa. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndidzachitira umboni paliponse.

Ine sindinalowere kuphiri kumene ena ankathawira. Miyendo inanditengera kumalire, kumene Rozita ankagulitsa mandasi. Ndi mtunda ndithu, dzuwa la mwezi wa Okutobala lili pamutu. Ndinkathamanga kukamwa kuli yasa, ndikukuwa, ndipo apo ndi apo ndinkakanikiza kaphala kaja ndi chala kuti kasagwe (ngakhale pothawa imfa, munthu safuna kutaya chimene wapeza mwaulere). Nditafika ndinamugwira Rozita padzanja.

"Tiye! Yayambanso! Ana ali kuti?"

Beseni la mandasi linagubuduka. Tinathamangira kunyumba kwake, ndinanyamula wamng'ono paphewa, wamkulu kumukoka, mpaka m'munda wa chinangwa kumunsi kwa mtsinje. Tinagona chafufumimba mmenemo. Tinadikira kulira kwa mfuti. Kunalira nkhuku. Patapita nthawi tinamva belu la njinga ndi mawu a a katekisiti akuzungulira m'minda: "Tulukani, abale! Kulibe nkhondo! Ndi nyali ya a dotolo!"

Rozita anandiyang'anitsitsa pakamwa. Kenako anati, "Tatsekulani pakamwa." Nditatsekula, anagwira pakamwa pake n'kutembenuka, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa dzinolo ndi lilime. Kaphala kaja kanali katauma gwa ngati mwala, kali ndi maonekedwe amene mukuwadziwawa.

Ndinabwerera kusukulu ndikukoka miyendo. Mayi Ameliya anandilandira manja ali m'chiuno. Anandionetsa mfuti ija ili pathebulo, yosweka. Anati ndi nyali yowala mobiriwira ngati thambo, ndipo guluu wa mano ndi phala lija siziuma ndi mphepo ngati guluu wa njinga, zimauma ndi kuwala. N'chifukwa chake amazisunga m'timabotolo takuda. A dotolo amayang'ana kumbali poti kuwalako kumapweteka maso.

"Ndiye inu, bambo, mwathamanga padzuwa kukamwa kuli pululu," anatero. "Dzuwa lamaliza ntchito ya a dotolo. Puronto, zatha."

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Tinakuuzani kuti mutseke maso!"

Mwamva yankho limenelo? Ndiye kuti mlandu unali wa diso langa.

Choipitsitsa n'chakuti nyali inali imodzi yokhayo. Onse amene anabwera kudzamatitsa mano pambuyo panga anangouzidwa kuti asankhe, kuzula kapena kupita nalo. Anthu omwe aja amene ndinawachenjeza mwachikondi anayamba kundiloza zala, ena m'Chinyanja, ena m'Chilomwe, a dotolo m'Chipwitikizi (pamenepo ndinamva zonse popanda wotanthauzira). Anati ndidikire mpaka mzere uthe kuti andipale chotupacho. Ndinayang'ana nkhope za pamzerepo, ndinati ndikamwe kaye madzi. Sindinabwerere, ndipo madzulo galimoto inapita. Mukanakhala inu mukanabwerera?

Loweruka linafika. Achimwene anga, amene anali nkhoswe yanga, anayenda kutsogolo ngati sakundidziwa. Tinapeza a Fulugensio atakhala pampando, bondo litamangidwa nsanza, abale atadzaza bwalo. Mluzu unali utatha, zoona, koma tsopano mlomo wam'mwamba unkakwera pa dzino ngati lona pa mtengo.

"Ndinanena ine," anayamba a Fulugensio. "Wa ufa wachikasu ndi wa ufa wachikasu. Wathawa nyali! Wathawitsa mudzi wonse, waswa chipangizo cha a dotolo, watayitsa mandasi a mwana wanga. Munthu wotere ndimupatse banja?"

Achimwene anangoti zyoli. Ine ndinati basi, zatha. Pamwambo wotere mkazi sayankhula, amayankhula ndi ankhoswe. Koma kuchokera pamphasa ya amayi tinamva mawu a Rozita.

"A malume, mundikhululukire, ndiyankhuleko. Tsiku limene nkhondo inafika kwathu, ine ndinali kumunda ndi mwana kumsana, wina m'mimba. Bambo a anawa anali panyumba, anamva mfuti poyamba. Munda unali pafupi, akanangokuwa ndikanamva. Sanakuwe. Anathawa okha, mpaka lero. Awa Lachinayi phiri linali apo, koma anathamangira kwa ine, n'kufunsa kuti ana ali kuti. Kaya inali nyali, kaya inali mfuti, iwo ankadziwa kuti ndi mfuti. Ine ndikufuna amenewa."

Kenako mayi ake a Rozita, mlongo wawo wa a Fulugensio, anafunsa mofatsa, "Nanga inu achimwene, muja munkathamangira kunkhuti muja, munkakatenga ndani?"

Nkhani inathera pomwepo. A Fulugensio anangoti bondo likuwapweteka, ankhoswe apitirize.

Papita zaka zambiri tsopano. Wamng'ono uja ndinamunyamula paphewa lero ndi namwino, ndipo chaka chatha anabwera ndi nkhani yoti nyali za masiku ano n'zazing'ono ngati cholembera, sizioneka ngati mfuti (mwaona? Ndiye kuti nawonso anazindikira kuti ndinkanena zoona, koma palibe anabwera kudzandipepesa). Anati, "Ababa, tiyeni akakupaleni dzinolo, ndi ntchito ya kanthawi kochepa." Ndinavomera ndi mtima wonse, mpaka ndinavala jekete.

Rozita anaima pakhomo.

"Mukupita kuti? Kalata ya ukwati ya kutchalitchi inadyedwa ndi chiswe kalekale. Kalata yatsala ndi imeneyo ili m'kamwa mwanuyo. Aliyense wofuna kulikhudza dzino limenelo ayambe wathana ndi ine."

Ndinavula jekete. Choncho mukadzandiona pamsika, yang'anani mmene mungafunire, koma musaseke. Ndipo ndikubwerezanso, pamaso pa aliyense: chinthu chija chinkaoneka ngati mfuti.