Mbuzi ya a Bonifasiyo

Lolemba
Lipoti la a shefe, abwana athu, likuti: "Odzipereka athu a mu bairu, dera la Chiuaula, ndi banja limodzi." Ndawerenga kawiri. Tilipo khumi ndi awiri, ndipo timakwana tonse tsiku logawa makamizeta, malaya a ntchito, lokha. Abiti Saide, amene amayendera odwala TB kuposa tonsefe, akuti kumapeto kwa mwezi asiya. "Ndatopa, mwanangu. Ndikadwala ine, ndani pagulupa akudziwa khomo langa?" Sindikulidziwa. Ndaganiza: tidyere pamodzi, tidziwane, mayiwa asachoke.

Lachiwiri
Kusankha tsiku. Lachisanu kuli mzikiti. Loweruka awiri ndi a Sabata. Lamlungu kuli misa. Tagwirizana Loweruka dzuwa likapendeka, a Sabata atipeza. Onse akudandaula mofanana. Umodzi wayamba.

Lachitatu
Malonjezo:
- Che Ali: nkhuni ndi anyezi
- Dona Roza: mbatata, thumba lonse
- Abiti Saide: nyemba
- aphunzitsi awiri: "maganizo"
- a Bonifasiyo: mbuzi yamoyo!
A Bonifasiyo ndi kalaliki wa boma, anabwera chaka chatha kuchokera kummwera. Munthu wabwino, wofulumira pa zonse.

Lachinayi
Che Ali akuti adzazinga mbuziyo Loweruka m'mawa. Kuno mwana aliyense akudziwa: nyama ya pagulu amazinga Msilamu, kuti aliyense adye. Ndikufuna kuwaimbira foni a Bonifasiyo, kenako ndikuti, munthu wamkulu kumuuza zimenezi n'kumunyoza. Sindikuimba.

Lachisanu
Chithunzi pagulu lathu la pa foni: a Bonifasiyo akumwetulira, mpeni kudzanja, mbuzi ili pamtengo yosendedwa kale. Pansi alemba: "Ndakupeputsirani ntchito, abale." Che Ali potuluka ku mzikiti alemba mawu awiri: "Mudye bwino." Dona Roza akuti nyama ndi nyama. Wina wayankha m'Chiyao. Mwamwayi Dona Roza samva Chiyao. Mwatsoka aphunzitsi awamasulira.

Loweruka
Abwera onse, ulemu ulipo. Miphika iwiri, mphasa ziwiri, pakati mpata woti ngolo n'kudutsa. Uku mbuzi, uko nyemba ndi usipa wa ku Meponda. A Bonifasiyo akuzungulira ndi mbale, akupepesa aliyense, ngakhale amene akutafuna. Ine ndaima pakati, mphepo ikundimenya, sindikudya kulikonse.
Abiti Saide afika mochedwa. Anali kwa odwala: sabata yonse palibe wina wapitako, tonse tinali pa za mbuzi. Adya nyemba zawo zomwe. Ponyamuka andipatsa kaderno, kope la mayina a odwala, ndi kamizeta yochapa, yopinda bwino. "Sindinakwiye, mwanangu. Koma uja wa kuseri kwa chigayo muzimupitira m'mawa, masana amabisala."
Kutha kwa mwezi sadikiranso.

Lamlungu
Foni imodzi kwa a Bonifasiyo ikanakwana. Kapena kusiya mbuzi, n'kungofunsa kumene Abiti Saide amakhala, n'kupita kukawapatsa moni.
Ndatumiza kwa a shefe chithunzi chimene mphasa ziwiri zikuoneka ngati imodzi. Ayankha kuti chilowa mu lipoti.
Ndatsegula kaderno. Mayina alipo, manambala a nyumba palibe: "pafupi ndi mpapaya", "kwa amake Amina". Njira zonse zinali m'mutu mwawo.
Pagulu la pa foni tatsala asanu ndi awiri. Enawo atsegula lawo.