Chisoti cha Mumgodi ku Mpira wa Lontiya

Lolemba

Mpikisano wa basiketibolo ya ana oyenda pa njinga za olumala uyamba Lachitatu ku Ndola, ndipo mwana wanga Lontiya ali m'timu ya Kitwe. Ine ndamerera imvi mumgodi ndili woyang'anira chitetezo. Palibe munthu wanga anatsikapo pansi wopanda zodzitetezera. Ndiye mwana wanga yekhayo apite kunkhondo mutu uli pamtunda? Ndatsegula sutikesi yakale:

chisoti changa chachikasu
magolovesi achikopa
mabandeji
wezulo
kolona, ya amake Lontiya

Lontiya akuyang'ana katunduyo, kenaka akuyang'ana ine. "Atate, cinthu cimodzi cabe. Nikagwa, osabwela kuninyamula. Mukangolowa mu bwalo, simuzanionanso nisewela."

Ndavomera. Pakamwa pokha.

Lachiwiri

Akochi atumiza njinga yosewerera. Kungoiona mtima wanga wapita. Mawilo onse awiri ndi opendekera mkati, ndipo kumbuyo kulibe zogwirira. Munthu aikankha bwanji? Osauza aliyense, ndapita nayo kwa a Mulenga owotcherera zitsulo kuno ku komboni yathu ya Luangwa kuti aiwongole, aikenso zogwirira.

A Mulenga angoyatsa moto wawo, Lontiya uyo akutulukira pa njinga yake ya masiku onse, fumbi kumbuyo. "Atate, mawilo ni opendeka dala!" Wasamukira pa njinga ija, wamanga lamba, wazungulira pamalo amodzi ngati nguli, n'kuima chala chimodzi kuchokera pa phazi langa. A Mulenga azimitsa moto, akuwomba m'manja.

Kubwerera kunyumba iye patsogolo, ine kumbuyo ndikukankha njinga yopanda munthu.

Lachitatu

Ndola. Tikugona kwa achemwali anga ku Nkwazi. Woimbira masewera wakana chisoti, akuti chipweteka ana a anthu ena. Magolovesi wakana Lontiya mwini wake, akuti samva mpira. Chisoti ndavala ndekha, kuti ndisachiiwale pa benchi.

Koma mpira uwu! Zitsulo zikugundana ngati ngolo za mumgodi, m'holo monse fungo la matayala. Mwana amene kunyumba timamuuza kuti asanyamule ketulo akuthamangitsa njinga ndi dzanja limodzi, lina likugunda mpira. Wadutsa pakati pa anyamata awiri, waponya, walowa. Ine chisangalalo, wezulo pakamwa, pyoo! Ana onse aima. Woimbira wayenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndakhala, dzanja lili chotambasula. "Leteni, ba shikulu." Bweretsani agogo, akutero m'Chibemba. Wezulo ndapereka.

Tapambana. M'minibasi Lontiya wandifulatira mpaka ku Nkwazi.

Lachinayi

Lero tikusewera ndi timu ya Kawama. Ali ndi mtsikana wamikono ngati ya wopopa chitsime, akagunda njinga yako umabwerera komwe wachokera. Lontiya samuthawa. Akumupita dala, akutseka njira, akuseka. Kuseka kumeneku sindinakumvepo kunyumba kwanga.

Sindikutha kukhala pansi. Amayi akumbuyo atopa nane. "Ikaleni panshi, ba Helemeti!" Khalani pansi a Chisoti, akutero. Dzina lagwira. Ngakhale wogulitsa mafiriziti pakhomo akundiitana choncho.

Atamaliza, zikhatho za Lontiya zili matuza okhaokha, zakuda ndi mphira. Ndatulutsa bandeji msangamsanga. Iye wakweza manja kuonetsa anzake, onse akuonetsa awo, akupikisana kuti otupa kwambiri ndani. Bandeji ndamanga pa msongolo wanga, pomwe ndinagunda benchi podumpha.

Lachisanu

Tadutsanso, mawa ndi ndime yomaliza. Pa katundu yense yatsala kolona, nayonso mwini wake waitenga. Amake Lontiya akuti mawa akhalira mchira wa jekete langa. "Inu mavuto anu ni amodzi. Mwana anakula, imwe simunauzidwe."

Mwina. Koma ndine ndinkamubereka kumsana kupita kuchipatala mvula ikugwa, ndine ndimadziwa dzenje lililonse la msewu wa Luangwa chifukwa cha mawilo ake. Lero mnyamata wina wagubuduzika ndi njinga yomwe, mutu pafupi ndi simenti. Ndili ndi mantha, ndipo mantha alibe lamba womangira.

Loweruka

Holo yadzaza. Timu ya Ndola ikutsogola pang'ono, ife tikulondola. Lontiya walanda mpira, akuthamanga, mnyamata wamkulu wamudulira kutsogolo. Gwa! Njinga chagada, wilo limodzi likuzungulira m'mwamba, mwana wanga pansi.

Jekete latsala m'manja mwa amake. Sindikudziwa ndatsika bwanji, ndangozindikira nsonga za nsapato zanga zili pa mzere woyera wa bwalo. Lontiya ali chigonere, tsaya pa simenti, maso ali pa ine. 

Mumgodi tinali ndi mzere wotere. Woudumpha ndinkamutumiza kumtunda tsiku lomwelo, kaya ndi bwana. Ndaima.

Waponda zikhatho zamatuza zija pansi, wakankha. Wagwanso.  Wakankhanso, mikono ikugwedezeka, thupi ndi njinga zonse pamodzi, mawilo aponda pansi. Holo yonse yaimirira, ndi a Ndola omwe. Iye osayang'ana munthu, wathamangira mpira.

Tagonja ndi pang'ono pokha. Ine sindinaone bwino mathero ake, nkhope inali m'chisoti. Mayi wina wakumbuyo wandigwira phewa. "Ba Helemeti, mwana wenu uyu ni nkalamo." Mkango, akutero. Ndangogwedeza mutu.

Lamulungu

Kitwe. Magolovesi abwerera m'sutikesi. Wezulo ili ku Ndola. Chisoti amake Lontiya aikamo anyezi, akuti chimalowa mphepo bwino.

Tikupita ku Misa. Lontiya ali kutsogolo kutali, akufotokozera anzake za kugwa kwake ngati wapata mendulo. Ine kumbuyo, manja sakudziwa chochita. Ndawaika m'thumba, ndawatulutsa, ndawaikanso. Basi, ndi mmene zikhalire.

Pa geti ya tchalitchi pali ngalande yopanda chivindikiro. Ndampeza ataima pamenepo, akundidikira, osacheuka.

"Atate, fulumilani. Apa ni panu."

Ndagwira zogwirira, ndamuwolotsa. Kenaka ndasiya.