Chala Changa pa Tsaya la Apongozi

Inu, mukadzabwera kwathu ku Katawa musadzafunse za chithunzi chili pakhoma chija. Mlendo aliyense amafunsa, ndipo ine ndatopa kuyankha. Bola ndikuuzirenitu pompano, kuti mukadzafika mudzangomwa tiyi.

Ine ndine Foster, kwathu ndi ku Mulanje, ntchito yanga ndi yojambula zithunzi. Ndinabwera ku Mzuzu kale, nthawi imene munthu akafuna chithunzi cha pasipoti ankayamba wasamba, n'kudzola mafuta, kenako n'kubwera kwa ine. Kamera yanga inali ija yotulutsa chithunzi pompopompo. Ukajambula umasolola filimu cha m'mbali, n'kudikira pang'ono, kenako n'kumatula mapepala awiri omatana. Lina limakhala chithunzi, umapatsa mwini wake. Linalo ndi negetivu, yakuda, yonyowa ndi mankhwala onanda, ndipo malo ake anali m'bini. Mafoni atachuluka, filimu ya mtundu umenewo anasiya kupanga. Ine ndinasunga paketi yanga yomaliza m'firiji, kuseri kwa tomato, ndipo munali mutatsala filimu imodzi yokha.

Tsono mayi ake a mkazi wanga Lusungu, a Nyamhango, amakhala kumudzi ku Rumphi. Ndi mayi osunga mwambo. Chikwatirire mwana wawo tinali tisanayang'anepo m'maso, tisanagwiranepo chanza. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, moni n'kupatsana chofulatirana. Akafuna kundiuza kanthu ankanong'oneza Lusungu, ine ndili poteropo maso ali pansi. Ankanong'ona nthawi yaitali ndithu, mpaka dzanja kumagwedeza, kenako Lusungu ankatembenuka n'kundiuza kuti, "Akuti yewo chomene, akweni." M'Chitumbuka ndiye kuti zikomo kwambiri, ndipo akweni ndiye ine, mkamwini. Mwambo umenewu ndinkaukonda. Ndinkauza anzanga kuti mu Mzuzu monse mulibe mkamwini woyamikidwa ngati ine.

Vuto linali limodzi. Mayiwa ankakana kujambulidwa. Ankati nkhope yawo ikangolowa mufoni, mawa ipezeka ku Joni m'manja mwa anthu osawadziwa. Choncho Lusungu, mkazi wa wojambula zithunzi, analibe chithunzi cha mayi ake. Bambo ake anamwalira osajambulidwapo, ndipo nthawi zina ankandiuza kuti nkhope yawo yayamba kumuthawa m'mutu. Akanena zimenezo ine nthabwala zinkandithera.

Mwana wathu Vitumbiko atabadwa, apongozi anabwera kudzathandiza. Tsiku lobwerera, katundu atamanga kale, Lusungu anagwada n'kuwachonderera. Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anavomera, koma pa kamera yakale ija yokha, chifukwa imatulutsa chithunzi chimodzi, ndipo chimodzicho apita nacho okha.

Kujambula munthu amene suloledwa kumuyang'ana ndi ntchito, inu. Ndinaloza kamera maso anga ali pa nsapato zawo, Lusungu ali kumbuyo kwanga kumandiuza kuti ndikweze pang'ono, nditsitse, mwadula duku. Ndinadina. Popeza unali mwezi wa Juni, ndinaika filimu m'khwapa kuti itenthedwe, pakuti mankhwala aja sagwira bwino kukazizira. Nditamatula, Lusungu anangoona chithunzicho kamphindi, mayi n'kuchilandira, n'kuchitsekera m'buku la nyimbo, ulendo wa ku depoti. Lusungu atabwerako kowaperekeza anakhala pabedi n'kuyamba kulira.

Pamenepo m'pamene ndinadzikweza. Ndinamuonetsa negetivu ija, imene ndinali nditaiika pamwamba pa kabati m'malo moitaya, n'kumuuza kuti apukute misozi chifukwa anakwatiwa ndi katswiri. Ndinafotokoza kuti nkhope ya mayi ikadali m'pepala lakudali. Chofunika n'kuliumitsa, kuchotsa utoto wakuda wa kumsana kwake ndi jiki, kulitsuka, kuliumitsanso, kenako kukaliika pa sikana kuti chithunzi chilowe mu kompyuta. Anandifunsa ngati ndinachitapo. Ndinayankha kuti ndinaonerapo, zomwe kwa munthu wa luso ngati ine n'chimodzimodzi.

Kuumitsa chinthu ku Mzuzu mu Juni, amene mumakhala kuno mukudziwa. Ndinaipana ndi pegi pachingwe, pakati pa matewera. Dzuwa linasuzumira, n'kuona kuti ndine, n'kubwerera. Kunayamba kamvula kathu kaja kopanda mawu, kosanyowetsa nthaka koma konyowetsa munthu mpaka m'mafupa. Ndinathamangira nayo m'nyumba n'kuiika pampando pafupi ndi mbaula. Lusungu anakupiza moto kuti awiritse madzi a mwana, phulusa lonse n'kukakhala pa apongozi.

Ndinaganiza zoivindikira ndi chinthu cholowa mpweya koma chosalowa fumbi. Ndinayang'ana m'khitchini monse, ndipo nzeru zanga zinagwera pa sefa. Sefa ya ufa, inu. Ndinaivindikira bwinobwino, n'kuigogoda pamwamba kuti ikhazikike. Nditavundukula, Lusungu anayang'anitsitsa n'kunena kuti mayi ake ngakhale pochokera kuchigayo sanaonekepo chonchi.

Ndiye muganizirenso mbali yanga. Ine amene ndinali ndisanaonepo nkhope ya apongozi chapafupi, tsopano ndinkaweramira pa iyo m'mawa ndi masana, kumaiuzira mpweya. Nkhopeyo inkaoneka mwa chizimezime, koma maso ankaoneka, ndipo ankandiyang'ana. Ndinkayamba ndapepesa ndisanauzire.

Itauma, inafika nthawi ya jiki. Pamafunika galasi loti umatepo negetivu chafufumimba, n'kutseka m'mbali monse ndi tepi kuti jiki asalowe ku nkhope, chifukwa akangolowa munthu amafufutika. Galasi ndinalibe, choncho ndinazula limodzi pazenera la kuchipinda. Lusungu anafunsa ngati mwana wa mwezi umodzi nayenso akufunika kuumitsidwa ndi mphepo. Ndinati ndibwezeretsa. Ndinathira jiki, n'kumapukuta pang'onopang'ono ndi mswachi wakale, utoto wakuda uja n'kuyamba kusungunuka. Jiki wina anadonthera pa buluku langa lakuda la kutchalitchi, limene mpaka lero limaoneka ngati nkhanga. Koma nditatsuka negetivu pampopi, phulusa linachoka, ufa unachoka. Ndinaikweza kuwala, ndipo munali apongozi atanyamula Vitumbiko, duku lonse lilipo. Lusungu anagwira pakamwa. Ine ndinayenda kuzungulira nyumba manja ali kumbuyo.

Kenako ndinaitanitsa msonkhano wa banja, kutanthauza Lusungu ndi mwana. Ndinalengeza kuti negetivu yonyowa ndi yofewa kwambiri, ndipo aliyense woikhudza kumaso kwake adzasiya chizindikiro chosafufutika. Ndinabwereza lamuloli moyang'ana Lusungu, chifukwa anthu osaphunzira ntchitoyi amakonda kugwiragwira. Ndinaipachika kuchipinda, n'kukhala pampando kumalondera.

Ntchentche inalowera pazenera paja ndinazula galasi. Inazungulira chipinda chonse, n'kusiya matewera, n'kusiya mbale, n'kukatera pa tsaya la apongozi anga. Ndinaiuzira, osachoka. Ndinaikupiza ndi chipewa, osachoka, miyendo inali itamatirira. Inu, ntchentche pankhope ya a Nyamhango, m'nyumba mwanga, ine ndikuona? Ulemu ndi umene unandipweteka. Ndinatambasula chala chachikulu n'kuichotsa.

Poyang'ana ndi maso sipankaoneka kanthu kwenikweni, choncho sindinaone chifukwa chovutitsira anthu ndi nkhaniyi. Itauma tinapita limodzi ndi Lusungu kwa Gracious, mayi amene ali ndi shopu ya fotokope ndi sikana m'tauni. Anaiika pagalasi, makina n'kulira, chithunzi n'kutuluka pa kompyuta, nkhope yobiriwira, mano akuda. Gracious anadina pena pake, mitundu n'kutembenuka, apongozi n'kukhala munthu. Kenako anakulitsa.

"A Foster, amama awa ali na mphini?" anafunsa Gracious.

Ndinati mwina, anthu akale ankatema.

"Yayi, izi si mphini. Ichi n'chidindo cha chala. Chikulu chomene."

Mizere yozungulira inayambira pa tsaya mpaka kukhutu, yooneka bwino kuposa ya pa chiphaso. Lusungu sanafunse kuti n'chala cha ndani. Anangotenga dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana chala, n'kuyang'ana kompyuta, n'kulibweza mwaulemu. Gracious anati angathe kufufuta, koma tsaya lipita limodzi ndi chidindo, ndiye adzachita kupanga tsaya lina. Lusungu anakana. Anati safuna tsaya la munthu wina pa mayi ake, maso ndi awo, mphuno ndi yawo, asindikize momwemo ndipo chikhale chachikulu. Ananena akuyang'anabe pa kompyuta, misozi ili m'maso.

Apongozi anabweranso pa ubatizo wa Vitumbiko. Ndinapempha kuti chithunzi tichibise kuseri kwa kabati, pakuti iwo ankadziwa kuti chilipo chimodzi chokha padziko lonse. Lusungu anati mayi ake sabisidwa kuseri kwa kabati. Atalowa m'nyumba, ine ndinakaima pamalo anga a nthawi zonse, pakhomo la kuchipinda, maso pansi. Kenako ndinamva apongozi akufunsa, osanong'onanso, kuti chithunzi chimene chili m'buku lawo la nyimbo chabereka liti. Lusungu anafotokoza zonse, sefa ndi jiki yemwe. Anafunsanso za mizere ya pa tsaya.

"N'chala cha akweni anu, amama."

Ndinayang'ana zenera la kuchipinda, kufuna pothawira. Galasi lija ndinali ndisanabwezeretse, koma mpatawo unali wokwana ntchentche basi.

Ndinamva mapazi akubwera. Nsapato zija ndinkazidziwa bwino zinaima patsogolo panga.

"Foster," anatero. Opanda ngakhale "a". "Kweza mutu. Munthu wandigwira kumaso, tibisalanenso chiyani? Chithunzi chikhale pomwepo, mwana wanga azindiona. Iwe khala apa."

Lusungu analira ndi chimwemwe, n'kunyamula mwana kupita naye kukhitchini. Ine ndinakhala, mtima uli m'malo, poganiza kuti tsopano ndimva ndi makutu anga mayamiko aja ndinkangolandira mwachidule.

Anayambira pa tsiku la ukwati. Anati tayi ndinavala inali yaifupi, ndipo abale awo akuikambabe. Anati ndimatafuna mokweza. Anati ndimanyamula mwana ngati wailesi. Anafunsa kuti ndi mwamuna wamtundu wanji amene amasunga mapepala m'firiji n'kumazula mazenera mwezi wa Juni. Anati zoterezi akhala akunena chaka ndi chaka kudzera mwa Lusungu, ndipo ankadabwa kuti bwanji sindisintha, m'malo mwake ndimangowomba m'manja n'kumwetulira. Ndinaitana Lusungu kuti adzathandize kumasulira. Anayankha ali kukhitchini komweko kuti Chichewa cha amama n'chomveka.

Pobwerera ku Rumphi anadutsira m'tauni n'kugula foni. Kujambulidwa nayo amakanabe, koma nambala yanga anaisunga, ndipo amaimba okha, popanda wodutsiramo.

Lusungu amapukuta chithunzi chija m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zina ndimamumva akuchipatsa moni. Ine ndikamadutsa pamenepo ndimapatukira kumanja, maso pansi. Mwambo uja unali wabwino, inu. Ndinaupha ndekha, ndi chala.