Batani langa linapha mbuzi ya azakhali

Anzanga, ngati pakati panu pali amene amaganiza zondilemba ntchito ya makompyuta, ameneyo adumphe nkhaniyi, akawerenge zina. Otsalanu khalani pansi mundiseke.

Azakhali anga a Rozina ali ndi kanyumba kogona alendo ku Chiwanga, zipinda zinayi basi. Ndi amene anandiphunzitsa sukulu ku Lichinga, ndiye nditabwerako ndi kapepala kanga ka zamakompyuta thupi lonse linkandiyabwa, kufuna kuwaonetsa kuti usipa wonse anayanika uja sunapite pachabe. Inali nthawi ya mwera, alendo kulibiretu, m'zipindamo mukungogona mphaka. Ine nkuwauza kuti asadandaule, anthu azisungitsa malo pa intaneti ali ku Maputo komweko.

Ndipo ndinapangadi, musandiderere. Kunja uko kuli makompyuta a eni ake amene timachita lendi, timawatcha mtambo. Mmenemo ndinakonza kantchito koyenda mwandondomeko: mlendo akalemba dzina, makina amamusungira malo, amamutumizira uthenga, kenako kantchitoko kamatsekedwa kuti katha. Mlendo mmodzi, kantchito kamodzi kotha. Poyesera ndinatsegula Loweruka limodzi lokha, ndipo malire a zipinda sindinaike, ndinkati ndani angadzaze nyumba nthawi ya mwera?

Ndiye kudziwa chiwerengero cha alendo kunali kosavuta, kungofunsa mtambo kuti tintchito totha tilipo tingati. Umayankha nambala yokha, mayina ayi. Zoonetsa mayina ndinati ndidzalemba sabata inayo. Malamulo a makina owerengera, amene timawatcha kodi, ndinawalemba mothamanga, ndipo chifukwa cha ulesi ndinangokopera kantchito ka alendo kaja, nkusintha pang'ono m'kati, nkuika batani pa foni. Tsiku lomwelo chaja ya laputopu inapsa, ina yoti nkuitanitsa ku Lichinga. Ndinatsala ndi foni ndi batani langa.

Ndinadina koyamba, inati awiri. Amenewo ndinkawadziwa, anali mayina abodza amene ndinayesera ndekha. Ndinapita kukasamba, pobwera nkudinanso. Atatu!

Abale, ndinathamanga ndi thaulo m'chiuno mpaka kukhitchini kwa azakhali.

"Titiya! Mlendo walowa!"

"Ali kuti? Bwanji osamulandira chikwama?"

"Ali mu mtambo, afika Sabudu, Loweruka lomweli."

Anandiyang'ana ngati ndadwala malungo a m'mutu. Ndiye kuti akhulupirire ndinawakokera pansi pa mtengo wa mango kuseri, kumene netiweki imagwira, nkudina iwo akuona. Anayi! Azakhali anagwira pakamwa. Ndinawapatsa foni kuti adine okha, anapukuta chala pa chitenje, nkudina mwaulemu ngati akugogoda pakhomo la abusa. Asanu.

"Epa! Dzanja langali lili ndi mwayi," anatero.

Kuyambira pamenepo sindinakhalenso pansi. Ndinkati ndikhale pampando, mpando ukundiotcha, ndadzuka, ndili ku mango. Ndinkadya choimirira. Ndinkati ndidikire ola lathunthu ndisanaonenso, koma mtima ukuti bwanji ngati wina walowa pompano? Ndipo ndikapita ndinkapezadi wina walowa! Inu mukanatani? Pakati pa khonde ndi mtengo uja panatuluka kanjira koyera, nkhuku zinayamba kundipatukira.

Pofika pakati pa sabata tinali titadutsa khumi ndi awiri, zipinda zili zinayi. Azakhali anapita kwa amayi a mpingo kukabwereka matiresi, ndipo matiresiwo anabwera pamitu, pamzere, mudzi wonse ukuona. Mayi aliyense akatula katundu ankafuna kuona makina a Barnaba, Barnabayo ndine, ndiye ndinkawaonetsa, ndikudina monyada, nambala nkukwera iwo ali pomwepo. Wina anaimba nthungululu. Amuna awo a azakhali, a Matiyasi, anatulutsidwa m'chipinda chawo chomwe, nkukagona m'chisakasa cha maukonde.

A Matiyasiwo anandifunsa tsiku lina akusoka ukonde, osandiyang'ana.

"Kodi enjinyeru, anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe woimba foni kufunsa njira?"

"Anthu amakono saimba foni, tiyu. Amaona mapu."

Anangoti mm, nkupitiriza kusoka. Ine mumtima ndinawamvera chisoni kuti dziko lawasiya.

Tsiku lina mphepo inakula, netiweki inasowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinazungulira mango uja foni ili m'mwamba ngati ndikuthamangitsa njuchi, ndinakwera mpaka pa nthambi, osatheka. Itabwerera ndinapeza kuti tsiku lonselo panalowa munthu mmodzi yekha. Mukuganiza kuti ndinadabwa? Ayi ndithu. Ndinafotokozera azakhali kuti anthu a m'tauni pakati pa sabata amatanganidwa. Ndipo taonani, nditangoyamba kudinadina anamasuka onse nthawi imodzi.

Tsopano nkhani ya mbuzi. Azakhali anali ndi mbuzi imodzi yokha, yonenepa, yoweta ndi makoko a chinangwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi ya ubatizo wa mdzukulu wawo woyamba mwezi wotsatira. Abale a ku Meluluca anali atauzidwa kale kuti kudzakhala nyama. Koma nambala itadutsa makumi atatu, azakhali anayamba kuiyang'ana mbuzi ija nthawi yaitali.

"Anthu trinta ochokera ku Maputo sindingawapatse usipa, Barnaba. Adzatinena."

"Iphani, titiya. Alendo akapita mudzagula ziwiri."

Pakamwa pangapa! Mawu amenewo ndinanena ine, ndili bwinobwino, osamwa kanthu.

Loweruka m'mawa a Matiyasi anaigwetsa pansi pa mango womwewo, mpeni uli m'manja. Azakhali anawagwira mkono. Ndinaona kuti mtima wawo ukukana, maso ali pa mbuzi.

"Taima kaye. Barnaba, taonanso komaliza. Ngati asiya kulowa, tiwaphikira nkhuku."

Ndinatulutsa foni. Ndinadina. Makumi anayi ndi mmodzi.

"Wina walowanso, titiya!"

Anausiya mkono uja nkutembenukira kumbali. Mbuzi inalira kamodzi.

Ndinavala malaya oyera, nkukwera njinga kupita ku Metangula kukachingamira alendo pamene pamaima mashapa, timabasi tochokera ku Lichinga. Shapa yoyamba inatsitsa amayi a matumba a chimanga a ku Maniamba ndi bambo wina wonyamula batire. Yachiwiri inatsitsa ana a sukulu. Ndinafika pofunsa bambo wina wovala magalasi akuda ngati akupita ku Chiwanga, anandiyankha kuti kwawo nkomwe kuno ndipo amandidziwa kuyambira ndili wosavala. Ndinkayenda uku ndi uku, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo, ndikudziuza kuti mwina abwera pa basi yawoyawo.

Ndinadina kuti mtima ukhale pansi. Makumi anayi ndi awiri. Ndinadabwa pang'ono kuti munthu akusungitsa malo a lero masana ano ali ku Maputo, adzera mlengalenga? Chala chinali chonyowa, chinaterereka nkudina kawiri motsatizana. Nambala inakwera kawiri.

Ndinaima chilili. Ndinaika foni m'thumba, ndinawerenga mabasiketi a tomato a mayi wina mpaka kumapeto, nkuitulutsa. Kudina, yakwera ndi mmodzi. Kudikira nthawi yaitali, kudina, mmodzi. Kudina msangamsanga, mmodzi mmodzi.

Kantchito kowerengera kaja ndinakakopera kwa ka alendo, dzina lomwelo, khola lomwelo, ndipo sindinauze mtambo kuti uzisiyanitsa. Ndikadina, kantchito kankayamba, kankawerenga, kankatha, nkulowa m'gulu la totha. Ndikadinanso, kankawerenga kanzake kaja ngati mlendo. Sabata yonse ndinkangowerenga chala changa.

Msewu wa ku Chiwanga si wautali, koma tsiku limenelo ndinauyenda chokankha njinga. Ndinaganiza zopitirira mpaka ku Lunho osabweranso. Ndisanafike ndinamva fungo la nyama yokazinga.

Pabwalo panali posesa bwino, matiresi atayalidwa mpaka pakhonde, amayi a mpingo atakhala pamkeka atavala zitenje zatsopano. Azakhali anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Ali kuti? Akubwera wapansi?"

"Titiya, makina aja amawerenga ntchito zimene zatha."

"Eya, unanena."

"Ndiye kuwerengako nakonso ndi ntchito. Ndikadina, imatha. Ikatha, imawerengedwa."

"Barnaba, ine za ku shikola sindizidziwa. Akubwera ndani?"

"Palibe, titiya."

"Kwarenta onse aja? Makumi anayi?"

"Ndinali ine."

Mayi wina anatsokomola. Azakhali anayang'ana chikopa cha mbuzi chimene a Matiyasi anachikhomera padzuwa, ndipo ndinaona misozi ikulengeza. Zinandipweteka kwambiri, anzanga, kuposa kumenyedwa. Ndinkafuna atandilalatira, koma sanatero. Analowa kukhitchini.

Anatuluka atanyamula mphika wonse wa nyama ndi manja awiri, nkuutula patsogolo panga. Anabweretsa beseni la mpunga. Anabweretsa madzi osamba m'manja, nkugwada pansi monga amachitira kwa alendo olemekezeka, anthu onse akuona.

"Takulandirani, alendo athu. Mwayenda bwanji kuchokera ku Maputo? Sambani m'manja. Mulipo kwarenta, ndiye musasiye kanthu."

Amayi aja anaphulika. Wina anagwa chagada pamkeka, wina anathawira kuseri akugwira nthiti, a Matiyasi ankaseka mopanda mawu mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinasamba m'manja, nanga ndikanatani? Nyama ija inatha ndi mudzi wonse, koma nthuli yoyamba ndinaimeza ndekha, pamaso pa anthu.

Pa ubatizo abale a ku Meluluca anadya usipa, ndipo azakhali ankati aliyense wofunsa za nyama apite kwa enjinyeru akamufotokozere. Ndinafotokoza mpaka mawu anasasa.

Chaja itafika ndinakonza kodi ija, unali mzere umodzi wokha, woti uziwerenga za alendo basi. Pano ikuyenda bwino. Koma ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: makina anene kuti kukubwera anthu zana, ine ndidzangoti zikomo. Pakhomo pathu sipafanso ngakhale nkhuku mpaka nditaona munthu wa miyendo iwiri akutsika m'shapa ndi chikwama chake.