Mbale ya Osala ndi Chitini cha Oiwala

Lolemba, tsiku lachitatu la Ramadhani

Bismillah. Komiti ya mzikiti yavomera! Kalasi ya madrasa ya ana a pulayimale ndi yanga sabata ino.

Mwalimu wawo, Che Kassimu, sakudwala iyayi. Ndine ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti mwana angathe kuphunzira kusala popanda chikwapu. Che Bwanali, apampando a komiti, anaseka mpaka kofia kupendekeka. Akuti: "Amadamu, izi si masamu a Sitandade 2." Chabwino. Zaka 34 ndagwira choko m'sukulu za boma, sindinathyolepo kamtengo chifukwa cha mwana wa munthu.

Mgwirizano wake: ana azisala theka la tsiku, kuyambira m'bandakucha mpaka azana ya Zuhuri, kuitana kwa pemphero la masana. Lamulungu ndikaonetse umboni. Ndikalephera, kalasi ibwerera kwa Che Kassimu pamodzi ndi chikwapu chawo.

Zimene ndapeza:
Ana 23 (atsikana 13, anyamata 10).
Mikeka 4, umodzi wobooka pakati.
Chikwapu 1. Ndapita nacho kwathu.

Adani anga: phala la kusukulu, chimanga chootcha cha pamsewu pa Phalula, ndi nkhaka za m'minda ya eni.

Umboni wanga ukhala mtedza wotsala pobzala. Mwana aliyense wosala bwino aziponya njere imodzi m'mbale yoyera. Pakomiti alipo amene amadana ndi manambala, koma mbale yodzaza aliyense amaimva.

Ndawaphunzitsa chifukwa chake timasala: kumvera Allah, kudziletsa, kudziwa mmene m'mimba mwa wosauka mumamvekera. Amva bwino. Pomaliza mnyamata wa Sitandade 5, Shaibu, wakweza mkono: "Amadamu, nanga munthu akadya moiwala?" Funso labwino kwambiri! Ndamuyankha monga chipembedzo chimanenera: woiwaladi kusala kwake sikuonongeka, angosiya kudya pomwe wakumbukirapo n'kupitiriza, pakuti ndi Allah wamudyetsa. Wandipempha ndibwereze. Ndabwereza. Kalasi yonse zii, kumvetsera. Ana okonda maphunziro!

Lachiwiri

Tsiku loyamba la ana kusala.

Osala bwino 17.
Olephera, ovomera okha 2.
Oiwala 4.

Sindikudandaula. Mwana amene wazolowera phala m'mawa uliwonse, miyendo imamufikitsa yokha pamzere. Ndabweretsa chitini cha mkaka chakale kuti oiwala aziponyamo mtedza wawo. Kusala kwawo kulipo ndithu, koma sindisakaniza mitundu iwiri m'mbale imodzi.

Shaibu ali m'gulu la oiwala. Ndamufunsa kuti wakumbukira nthawi yanji. Akuti: "Nditaona pansi pa kapu." Twaibu akuti waiwala phala, kenaka pobwerera waiwalanso nkhaka. Akufunsa ngati aponye njere ziwiri. Iyayi, imodzi.

Awiri olephera aja ndawayamikira pamaso pa anzawo chifukwa chonena zoona. Aoneka ngati sakukondwa. Akungoyang'ana chitini.

Che Kassimu adutsa pazenera kawiri, manja kumbuyo. Ndagwedeza mbale kuti amve kulira kwake.

Lachitatu

Osala bwino 9.
Olephera 0.
Oiwala 14!

Palibe wolephera ngakhale mmodzi. Pa lipoti la ku ofesi ya zamaphunziro izi bwenzi tikuti chitukuko.

Kuiwala kwafala ngati chikuku. Ana omwewa akukumbukira amene anagoletsa mpira mwezi watha, ndi mwendo umene anamenyera. Amina akukumbukira kuti Lolemba ndinavala mpango wobiriwira. Koma Ramadhani imawachoka m'mutu belu la phala likangolira.

Sindikalipa. Mphunzitsi akaona dzenje amalikwirira ndi phunziro. La lero: Msilamu ndi m'bale wa Msilamu mnzake. Ukaona mnzako akudya moiwala, mukumbutse, ndi udindo wako. Ndawaika awiriawiri, wotsalayo ndamuphatikiza kwa Hawa. Hawa ndi wamng'ono pa atsikana onse koma chiyambireni sanaiwalepo. Tsopano aliyense ali ndi mlonda wake. Tione mmene anthu awiri angaiwalire nthawi imodzi.

Ndawauzanso kuti mbale ndi chitini ndi za ine, koma za mumtima akuona ndi Allah. Anayi aweramitsa mitu. Anayi si ochepa.

Madzulo mvula. Nkhuni zonse zanyowa, futali yomasulira ikukana kupsa. Chouma m'nyumba muno chinali chimodzi chokha, chotsamira pakona. Chayaka bwino kwambiri. Mtengo wa bwemba, ndikuganiza.

Lachinayi

Osala bwino 4.
Oiwala 19.
Okumbutsa anzawo 19.

Alonda agwira ntchito, palibe wabisa mawu. Funso ndi lakuti akukumbutsana liti. Amina wafotokoza mosaopa: "Ndimadikira ameze kaye, Amadamu, angatsamwe." Akameza, wokumbutsayo naye amapezeka kuti waiwala, ndiye winayo amamubwezera ulemu womwewo.

Ndapita kusukulu ndekha kukaonana ndi amayi ophika phala. Ndi a mpingo wa pafupi ndi mjigo, tinaphunzitsira ana limodzi kale asanayambe zophikazi. Andilandira ndi mthiko m'manja: "Anzanga, ana anu ndi aulemu. Amafika pamzere n'kunena kuti, tithireni msanga tisanakumbuke." Akuti iwo mwana wotambasula kapu samufunsa chipembedzo. Sindingawatsutse.

Koma pobwerera, pa mlatho, nzeru yandifikira. Kapu! Mwana aliyense amanyamula kapu yake kuchokera kunyumba. Munthu amene wadya daku, chakudya cha osala cha m'bandakucha, n'kutsuka kapu, n'kuilonga bwinobwino m'jumbo pamodzi ndi makope, ameneyo sakuiwala. Akukonzekera kuiwala.

Ndalifotokoza m'kalasi. Shaibu waganiza kanthawi. Akuti: "Kapuyo timanyamula moiwalanso." Mwanayu akadzakula adzavutitsa makhoti.

Mawa ndikawadikirira panjira.

Lachisanu

Ndaima pa mphambano ya kusukulu ndi dengu. Makapu olandidwa 23: apulasitiki 20, achitsulo 2, ndi kabotolo kodula pakati 1. Anthu opita kumsika akundifunsa ngati ndayamba geni. Ndikuwayankha salamu yokha.

Ndaswali Juma, pemphero la Lachisanu, mtima uli m'malo.

Masana:
Osala bwino 2 (Hawa ndi msuweni wake).
Oiwala 21.

Abwereka makapu kwa anzawo Achikhristu! Akuti anzawowo anawamvera chisoni powaona atakhala pansi pa mtengo, ndiye anamwa msangamsanga n'kuwapatsa. Sabata yonse ndakhala ndikuphunzitsa za kukhala bwino ndi anansi. Sindingaime lero n'kunena kuti chifundo ndi cholakwa.

Nkhaniyi yatulukanso m'kalasi. Potuluka mu mzikiti, akazi a Che Bwanali andikokera pambali: "Amadamu, mukuphunzitsa chiyani? Bambo akwathu dzulo aiwala chimanga chootcha pa Phalula. Ziwiri." Akuti lamulo la oiwalali bambowo anamva kwa mdzukulu wawo. Ndawauza kuti lamuloli si langa, lilipo kuyambira kale. Akuti: "Lilipodi, koma kale ankalidziwa ndi Ashehe okha."

Ndawerenga mtedza. M'mbale 32. M'chitini 58. Sindigonja. Mawa Loweruka kulibe sukulu, kulibe phala, kulibe anzawo achifundo. Ana onse akhala pamaso panga mpaka Zuhuri.

Loweruka

Ndilemba mwadongosolo.

Ana afika onse 23. Ndawasecha m'matumba: nkhaka 3, gwafa 7, chimanga chophika theka. Zonse pazenera. Ndatseka chitseko. Tabwereza sura zazifupi za m'Korani, tabwereza udhu, kusamba kokonzekera pemphero. Kenaka ndawapatsa zolemba pa masileti, ine n'kukhala patebulo kukonza zokanena mawa ku komiti. Mbale yoyera ili kudzanja lamanja.

Zaka zonse zija, ndikamachonga mayeso, pambali panga pankakhala kambale ka mtedza. Mutu umawerenga, dzanja limadziyendera.

Ndazindikira chala chitagunda pansi pa mbale.

Ndadzutsa mutu. Maso 46 ali pa ine. Palibe akulemba. Sindikudziwa anayamba liti kundionerera. M'kamwa mwanga muli mtedza, mwezi wa Ramadhani, dzuwa lili pamutu. Astaghfirullah! Ndalavulira pazenera. M'mbale mwatsala njere imodzi, yofumbwa.

Ndawafunsa chifukwa chiyani sanandikumbutse. Hawa, amene sanama: "Wamkulu akamadya sitimuyankhulitsa, Amadamu. Munatiuza nokha." Zoona. Ndinawauza Lolemba, pa phunziro la ulemu.

Shaibu wabwera patsogolo, manja pachifuwa: "Musadandaule, kusala kwanu kulipo. Ndi Allah wakudyetsani." Kenaka wandisunthira chitini pang'onopang'ono.

Lamulo ndi lamulo. Ndatenga njere yofumbwa ija n'kuponyamo. 59.

Azana ya Zuhuri yawapeza onse 23 osadya kanthu, tsiku loyamba chiyambireni. Woiwala lero 1. Ana afuna kuponya mtedza wawo m'mbale, koma kathumba ndinakasiya kunyumba. Ndinakaiwala.

Lamulungu

Komiti yakhala pakhonde la mzikiti. Ndaika patsogolo pawo mbale yopanda kanthu ndi chitini chodzaza, ndipo ndafotokoza zonse monga zinachitikira. Ndikanatha kudzazanso mbaleyo kunyumba, mtedza ulipo. Koma mboni 23 n'zambiri, ndiponso ndili pa kusala.

Ashehe aphimba pakamwa ndi kanzu nthawi yaitali. Akuti akutsokomola. Atamaliza andifunsa kuti mwa oiwala onsewa, oiwaladi ndi angati. Ndati amene ndingamulumbirire ndi mmodzi, enawo akudziwa Allah. Che Bwanali lero sanaseke. Akazi awo anakhala pafupi, pa mkeka wa amayi, akuwayang'ana.

Ashehe aitana ana n'kuwafunsa zimene zimaononga kusala ndi zimene sizimaononga. Ayankha onse pamodzi, osaphonya. Shaibu wawonjezera ziwiri zimene Ashehe sanafunse. Ashehe akuti ana awa malamulo akuwadziwa kuposa makolo awo, chatsala n'kuwachita.

Chigamulo: mgwirizano unali mbale. Kalasi yabwerera kwa Che Kassimu kuyambira mawa.

Che Kassimu afunsa chikwapu chawo. Mawu akuti "ndaiwala" anafika pamlomo penipeni. Ndawameza. Ndanena zoona, kuti chinaphika futali Lachitatu. Ashehe atsokomolanso. Ndikudziwa, mitengo ya bwemba m'mudzi muno ilipo 11. Komabe ndamva Ashehe akuwauza kuti m'mwezi uno munthu sakweza dzanja, ndipo za miyezi inayo adzakambirana. Masiku otsala ndi a ana amenewo.

Hawa wandiperekeza mpaka pa mjigo, atanyamula mbale. Akuti mawa asalabe, ngakhale palibe poponya mtedza. Ndamuuza kuti ndiko kusala kwenikweni. Sindinamuuze kuti phunziro limeneli ndinayenera kuyamba nalo Lolemba.

Ine andipatsa ang'onoang'ono, osafika zaka zisanu ndi ziwiri, amene sasala n'komwe. Alifu, be, te, zilembo za Chiarabu, ndi kudya ndi dzanja lamanja. Ndakawaona. Alipo 14, ndipo 3 mwa iwo ndi azing'ono ake a Shaibu.

Alhamdulillah. Makapu ndabweza kwa eni ake, onse 23. Chitini ndakwirira kumunda, mwina chimera.

Mawa ndiyamba ndi miyala m'malo mwa mtedza. Ndatola kale kumtsinje, ikuluikulu, yosalowa m'kamwa.